ZA KUSANKHA INJINI YA BOTI LA NSOMBA

Mau amene Mlembi anawerenga pa msonkhano wa Mafumu ndi Ziwalo za Bungwe, olembedwa muno kuti iwonso amene sanathe kufika awamve.



Pa msonkhano wapita munandilamula kuti ndisonkhanitse zimene zidziwika za injini zomangirira kumbuyo kwa boti, pakuti anyamata athu ambiri, makamaka iwo obwera ku Joni ndi ndarama za thukuta lao, alikugula makina awa, ndipo ena apindula nao, koma ena agwa m'mangawa. Ine sindiri msodzi, ndine munthu wa colembera cabe. Koma nchito ya mlembi ndiyo kuwerengera, ndipo nkhani iyi ifuna ciwerengo koposa mphamvu ya manja. Mau anga onse aima pa mfundo imodzi, ndiyo iyi: injini igulidwa kamodzi, koma petulo agulidwa usiku uli wonse. Cifukwa cace munthu asankhe injini yolingana ndi boti lace, ndi thumba lace, ndi mmisiri amene ali pafupi naye. Asasankhe pofuna kuposa mnzace wa pa dooko. Akuru anati, walira mvula walira matope.

KUMENE MAKINA AWA ANACOKERA

Makolo athu anaoloka nyanja ino ndi bwato ndi nkhafi. Sitima yoyamba ya moto, ndiyo Ilala, inalowa m'madzi athu mu 1875. Koma injini yaing'ono, yakuti munthu ainyamula paphewa naimangirira pa thabwa la kumbuyo, inadza pambuyo pace. Ole Evinrude, wobadwira ku Norway, anayamba kuzipanga za malonda mu 1909 ku Milwaukee m'dziko la America. A ku England anatsata ndi Seagull mu 1931. A ku Japan anacedwa kulowa, pakuti Yamaha anapanga yace yoyamba mu 1960, ndi Honda mu 1964. Koma lero ndiwo acuruka pa magombe a Africa.

Ndachula mbiri iyi cifukwa muli phunziro m'menemo. Seagull inaleka kupangidwa mu 1996, ndipo Evinrude, mwini kuyamba, inaleka mu 2020. Tsono dzina lomveka kale siliri cikole cakuti zitsulo zace zidzapezeka mawa.

COYAMBA: YAMBANI NDI BOTI, OSATI NDI INJINI

Mphamvu ya injini iyesedwa ndi muyeso umene Azungu aucha mphamvu ya kavalo, ndipo asodzi athu anena hosipawa. Anthu ambiri aganiza kuti hosipawa 40 iyenda kawiri kapena katatu kuposa hosipawa 15. Pa boti lathu lolemera la matabwa sikutero iai, ndipo cifukwa cace ndi ici.

Boti lotere liyenda likung'amba madzi, nilikankha funde lina kutsogolo ndi kukoka lina kumbuyo. Pamene liwiro likula, mpata wa pakati pa mafunde awiriwo utalika, kufikira ulingana ndi utali wa boti lomwe. Pamenepo boti likhala ngati liri m'dzenje limene ladzikumbira lokha. Ukaonjeza mphamvu, mutu ukwera, kumbuyo kumira, phokoso likula, koma liwiro lionjezeka pang'ono pokha. Akatswiri omanga zombo anawerengera malire amenewa kale. Boti la mamita 7 m'litali lifika pa malire ace likayenda monga makilomita 12 pa ora. La mamita 9 lifika pamenepo pa makilomita 13 kapena 14. Mphamvu yonse yoposa yofikira pa malirewo ithera m'kukumba madzi. Maboti opepuka a apaulendo, amene atha kukwera pamwamba pa madzi ndi kutsetsereka, ali ndi lamulo lina. Koma boti lodzaza ukonde wonyowa, ndi nsomba, ndi alovi, siliri la mtundu umenewo.

Cifukwa cace uphungu wanga ndi uwu. Boti laling'ono la machera, la mamita 5 kapena 6, la anthu atatu kapena anai, likwanira ndi hosipawa 8 kapena 9.9. Boti la mamita 7 kapena 8 liyenda bwino ndi hosipawa 15. Koma iye amene akoka mabwato a cirimila kunka nao kutali pakuya ndi anthu khumi, kapena anyamula katundu ndi anthu pakati pa madooko, ameneyo ayenera kuganiza za 25 kapena 40. Sindirikunyoza injini yaikuru. Iri ndi nchito yace. Muyeso wabwino ndi uwu: boti litadzaza monga lidzaza masiku onse, injini icite nchito yace itatsegulidwa magawo atatu mwa anai, ndipo gawo lotsalalo lisungike la tsiku la mphepo. Injini yocepetsa, imene ilira mpaka mapeto usiku wonse, ikalamba msanga, ndipo Mwera ukadzuka iribe cotsala cakupulumutsa naco anthu.

Kumbukirani kulemera kwace komwe. Ya hosipawa 15 ilemera monga makilogalamu 37, ndipo mnyamata wamphamvu atha kukaigoneka m'nyumba m'mawa. Ya 40 ipitirira makilogalamu 70. Ifuna anthu awiri, ifuna thabwa la kumbuyo lolimba ndithu, ndipo kawiri-kawiri isiyidwa pa boti, pamene mbala ziiona.

CACIWIRI: WERENGANI PETULO

Pano ndipempha Mafumu achere khutu, pakuti milandu yambiri ya pa dooko ibadwira apa. Injini ya mafuta osanganiza ya hosipawa 15, itatsegulidwa konse, imwa monga malita 7 pa ora limodzi. Ya 25 imwa monga 11. Ya 40 imwa monga 20.

Tiyese citsanzo. Maboti awiri olingana acoka pa dooko limodzi, ndipo liri lonse liyenda maora atatu, kunka ndi kubwera. Mwini wa 15 atentha malita 21, mwini wa 40 atentha 60. Akapita usiku 20 pa mwezi, woyamba atentha malita 420, waciwiri 1,200. Kusiyana kwace ndiko malita 780 pa mwezi umodzi. Yense acurukitse yekha ndi mtengo wa lita lero, ndipo adzaona kuti kusiyana kwa miyezi yowerengeka kugula injini yina yatsopano. Ndibvomera kuti woyendetsa wanzeru satsegula konse nthawi zonse, ndi kuti ziwerengozo zitsika akabweza dzanja. Koma pamenepo mau anga atsimikizika, pakuti kucepetsa liwiro pang'ono ndiyo njira yoposa zonse yakusunga petulo, ndipo wogula mphamvu imene sadzaigwiritsa nchito wataya ndarama pacabe.

Ndipo ataya ndani? Pa madooko ambiri mwambo uli wakuti mtengo wa petulo ucotsedwa poyamba, ndipo zotsala ndizo agawana mwini zida ndi alovi. Tsono injini yakumwa kwambiri sidya mwini yekha. Idya nsima ya ana a mlovi, amene sanafunsidwe tsiku logula. Usiku umene usipa wakana, boti libwera ndi ngongole m'malo mwa ndiwo.

Kumbukiraninso kuti injini, ndi zitsulo zace, ndi petulo yemwe, zonse zicokera kunja ndipo zilipiridwa ndi ndarama zakunja. Pamene kwaca inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, zonsezi zinakwera pamodzi. Tinaona kusowa kwa petulo mu 2011 ndi 2012, ndipo tinakuonanso kuyambira 2022. Masiku otere mwini injini yaing'ono apeza cigubu cimodzi napita ku nchito, pamene mnzace wa injini yaikuru akhala pamcenga alikusoka ukonde.

CACITATU: MITUNDU IWIRI YA INJINI

Ulipo mtundu umene a sitolo aucha two-stroke, umene oilo athiridwa m'petulo momwe. Ndi wina wochedwa four-stroke, umene oilo akhala m'nkhokwe yace payekha monga m'galimoto.

Woyambawo ndiwo tiuzolowera. Uli wopepuka, wa mtengo wocepa, wa zitsulo zowerengeka, ndipo mmisiri wa pa dooko atha kuumasula pa mkeka ndi kuumanganso dzuwa lisanalowe. Yamaha acha Enduro injini zace za mtundu uwu zimene anazipangira nchito yolemetsa ya asodzi. Coipa cace ndi ludzu, ndi utsi, ndi oilo amene utaya m'madzi. Ufunanso munthu wosamala posanganiza. Muyeso wa injini zambiri ndi gawo limodzi la oilo pa magawo 50 a petulo, ndiko kunena theka la lita pa thanki ya malita 25. Ndipo pa maora 10 oyamba a injini yatsopano muyeso ukhala wowirikiza, lita lathunthu pa malita 25. Koma yense aone buku la injini yace, pakuti zisiyana. Oilo akhale wopangidwira injini za m'madzi, wolembedwa TC-W3 pa botolo. Wocepetsa oilo kuti asunge makobiri adzagula pisitoni.

Waciwiriwo umwa pang'ono, makamaka pa liwiro lapakati, uli wacete, ndipo sufuka utsi. Koma mtengo wace uli wapatali, ulemera koposa (wa hosipawa 15 ufika monga makilogalamu 50), oilo wace asinthidwa pa maora 100 ali onse, ndipo ukaugoneka pansi ku mbali yosayenera, oilo alowa kumene sayenera kulowa ndipo ukana kulira. Ukadwala ufuna mmisiri wophunzira bwino.

Ndiweruza cotere: iye amene ayenda maora ambiri pa caka, nakhala pafupi ndi tauni kumene kuli mmisiri wodziwa ndi zitsulo, adzabweza ndarama zace ndi mtundu waciwiri. Iye amene akhala ku dooko lakutali, kumene galimoto ifika mwa kamodzi-kamodzi, akhale ndi woyambawo.

CACINAI: MWENDO NDI PULOPELA

Ambiri afunsa za hosipawa naiwala kufunsa za mwendo, ndico citsulo cotsikira m'madzi. Miyendo iri ya miyeso iwiri: waufupi wa thabwa la mainchesi 15, ndi wautali wa thabwa la mainchesi 20. Musanapite ku sitolo yesani thabwa la kumbuyo kwa boti lanu, kuyambira pamwamba kufikira pansi pa boti. Pamwamba pa pulopela pali kacitsulo kaphanthi-phanthi. Kameneko kayenera kulingana ndi pansi pa boti, kapena kutsikirapo pang'ono. Mwendo ukafupika, pulopela aturuka m'madzi pa funde liri lonse nazungulira pacabe, ndipo injini isowa madzi oiziziritsa. Ukatalikitsa, ukoka madzi ngati nangula nugunda miyala.

Pa nyanja yaikuru, ku Nkhotakota, ku Senga Bay, ku Likoma, ku Nkhata Bay, sankhani mwendo wautali ndi thabwa lalitali. Musalole mmisiri wa matabwa adule thabwa la kumbuyo kuti lilingane ndi injini ya mwendo waufupi imene mwaipeza mochipa, pakuti funde lotsata kumbuyo lilowera pomwepo. Koma ku Chilwa, ku Malombe ndi mu Shire, kumene madzi ali osaya ndi a zomera zambiri, waufupi ndiwo uyenera.

Pulopela nayenso ali wa miyeso yosiyana, monga magiya a njinga. Wina aluma madzi ambiri pa kuzungulira kumodzi, ndiye wa boti lopepuka lothamanga. Wina aluma pang'ono, ndiye wa katundu wolemera, monga giya imene munthu akwera nayo citunda. Boti la nsomba lifuna waciwiriyo. Injini zambiri za mtundu wathu zinapangidwa kuti zizungulire pakati pa 4,500 ndi 5,500 pa mphindi zitatsegulidwa konse. Ikalephera kufika pamenepo boti litadzaza, nimveka ngati ibuula, pulopela ndiye wakula, ndipo injini irikutha msanga. Muuzeni wa sitolo utali wa boti ndi katundu wace, kuti akupatseni woyenera.

CACISANU: ZITSULO NDI MMISIRI

Safunsa anadya phula. Musanapereke ndarama, pitani kwa mmisiri wa pa dooko lanu mumfunse, Kodi injini iti mudziwa kuikonza, ndipo zitsulo zace muzigula kuti? Injini yabwino koposa zonse ndiyo imene pulagi wace, ndi cingwe coliza, ndi zitsulo za kabuleta zipezeka pa ulendo wa tsiku limodzi. Ziripo injini za mtengo wotsika zofanana maonekedwe ndi za maina omveka. Zina zigwira nchito, koma funsani poyamba amene anakhala nayo zaka ziwiri. Injini yoima sabata zitatu m'nyengo ya usipa, kuyembekeza kacitsulo kocokera ku Lilongwe kapena ku Dar es Salaam, yataya zambiri koposa zimene mwini anapulumutsa pogula.

Samalaninso petulo. Wa m'dziko muno asanganizidwa ndi ethanol wocokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 ndi ku Chikwawa kuyambira 2004. Ethanol akoka cinyezi, cotero petulo wokhalitsa m'cigubu cosatseka bwino asonkhanitsa madzi pansi, ndipo madziwo atseka kabuleta pakati pa nyanja. Musasunge petulo miyezi, ndipo mumsefe pothira.

CACISANU NDI CIMODZI: INJINI YOGWIRAPO KALE

Si onse angathe kugula yatsopano, ndipo palibe manyazi pamenepo. Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Utoto watsopano suciritsa injini. Citani izi. Muilize ikali yozizira, mwendo uli m'madzi, pakuti kampira kopopa madzi oziziritsa kapsa mphindi isanathe mukailiza pouma. Penyani ngati kamtsinje ka madzi katuruka kumbuyo mwamphamvu. Kokani cingwe pang'ono-pang'ono. Cikabwera mofewa, injini yatha mphamvu m'kati. Masulani kabauti ka pansi pa mwendo muone oilo wa magiya. Akaoneka woyera ngati mkaka, madzi alikulowa. Ikacokera ku nyanja ya mcere, ku Beira kapena ku Dar es Salaam, funani zipsera zoyera za mcere, cifukwa mcere udya njira za madzi m'kati mosaoneka. M'madzi athu okoma mulibe nthenda imeneyo. Potsiriza muiyese pa boti lanu lomwe, litadzaza. Ndipo musagule injini imene nambala yace yafafanizidwa, kapena imene mwini alibe kalata ya malonda, kuti mungalowe m'mlandu wa kuba.

ZA MOYO WA ANTHU NDI ZA NSOMBA

Mafumu anga, nkhafi inali ndi ubwino umodzi: siinatengere munthu kutali koposa kumene mphamvu yace ikhoza kumbweza. Injini imtengera kumene mtunda suoneka, ndipo ikazima kumeneko, m'miyezi ya Mwera kuyambira May kufikira August, boti litembenukira mafunde cammbali. Nyanja ino inameza sitima ya citsulo, Vipya, pa 30 July 1946, ndi anthu 145. Nanga boti la matabwa? Cifukwa cace mtengo wa injini uwerengedwe pamodzi ndi nkhafi, nangula ndi cingwe cace, cotungira madzi, zobvala zoyandamitsa, pulagi wapadera ndi sipanala yace, ndi pulopela wapadera. Woyendetsa amange pa dzanja kacingwe kozimitsa injini, kuti akagwa m'madzi boti lisathawe kapena kumzungulira. Petulo agawidwe patatu: gawo lopitira, gawo lobwerera, ndi gawo losakhudza. Ndipo fodya asayandikire thanki.

Cinanso, injini sibala nsomba, ingofulumiza kuzitha. Tonse tidziwa umo cambo cinathera ku Malombe, kufikira Boma ndi Mafumu anayambitsa makomiti a pa madooko kumeneko mu 1993. Tidziwanso kuti cisumbu ca Mbenji cikali ndi nsomba cifukwa Mfumu Makanjira ya ku Salima icitseka caka ndi caka kuyambira December kufikira April, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Wogula injini ndi ngongole awerengere miyezi yotseka, ndi masiku a mwezi wowala pamene usipa sutsata nyali, ndi masiku a namondwe. Pakuti ngongole sidziwa nyengo. Amene sanawerengere ndiye adzayesedwa kuba nsomba m'nyengo yoswana, nadzaima pa bwalo lanu.

ZIMENE NDIPEMPHA MSONKHANO UBVOMEREZE

1. Kuti pa dooko liri lonse komiti isunge buku lolembamo injini zonse, mwini wace ndi nambala yace, ndipo malonda a injini yogwirapo kale acitike pamaso pa Nyakwawa ndi mboni ziwiri.

2. Kuti Mafumu alamule kuti boti la injini lisacoke pa dooko lopanda nkhafi, nangula ndi cotungira madzi.

3. Kuti mwini zida aonetse alovi ace ciwerengo ca petulo wogulidwa ndi wotsala asanagawane ndarama.

4. Kuti Bungwe lipemphe a Dipatimenti ya Nsomba alandire anyamata athu ku sukulu ya ku Mpwepwe, ku Mangochi, kapena atitumizire mphunzitsi, kuti dera liri lonse likhale ndi mmisiri wace wa injini.

5. Kuti Ziwalo za dooko limodzi zipangane kugula injini za mtundu umodzi, ndi kusonkha ndarama zosungira zitsulo zimene zitha kawiri-kawiri. Pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mfundo izi ndaziika pamaso panu kuti muzikonze monga kukuyenerani, pakuti inu ndinu eni madooko ndi eni anthu. Ziwalo zimene sizinafike zitumize maganizo ao kwa Mlembi msonkhano wa mawa usanafike, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere anzao kalata uyu pa dooko. 

Ndine mtumiki wanu,
MLEMBI WA BUNGWE.